Nsalu ya Tiabakha

Mukafika mumsewu wa kuseri kwa fakitale ya maambulera n'kufunsa kuti telala wabwino ali kuti, anthu sakuuzani nambala ya nyumba. Amangoti, "Pitani kumapeto uko, mukaona mayi wovala duku lachikasu la tiabakha, ndi omwewo." Ena amanena mwaulemu, ena amayamba apotoza kaye milomo. Dukulo lakhala pamutu pa Mayi Bwereza zaka zisanu ndi chimodzi tsopano, ndipo msewu umenewu walida kawiri, pa zifukwa ziwiri zotsutsana. Eni ake sanasinthe ngakhale kamangidwe kake.

Dzina loti Bwereza anawapatsa ndi atsikana a ku fakitale. Zaka makumi atatu ndi chimodzi mayiwa anakhala pa makina a pazenera, mzere woyamba, ndipo khumi zomalizazo ndiwo ankayendera misoko ya anzawo. Mtsikana akabweretsa ntchito yake, iwo ankaigwira m'manja awiri n'kuikoka kamodzi ngati akufuna kuing'amba. Ulusi ukangolira pang'ono, yankho linali liwu limodzi: "Bwereza." Panalibe kukalipa, panalibe kufotokoza. Ena ankalira, ena ankakawatukwanira kuchimbudzi, koma onse amene anadutsa m'manja mwawo lero akudya za singano.

Anali ndi zizolowezi ziwiri zimene aliyense ankazidziwa. Msoko wawo ankaumaliza mwa njira yawoyawo: kubwerera m'mbuyo katatu, kenako n'kupingasa kamodzi, moti kumapeto kunkatsala kamtanda kakang'ono ngati phazi la mbalame. Ankati imeneyo ndiyo siginecha ya munthu amene sukulu anaisiyira panjira. China n'chakuti sankataya chigamba. Pansi pa tebulo lawo pankakhala thumba, ndipo kansalu kalikonse kokwana chikhatho kankalowa m'menemo. "Telala wotaya chigamba sasiyana ndi mlimi wokazinga mbewu," ankatero, akutola pansi zimene ena asesa.

Bambo a m'nyumba anamwalira mwana wawo mmodzi yekhayo ali ndi zaka zinayi. Mwanayo anakulira pansi pa makina, akusewera ndi zitsononkho za ulusi, ndipo yunifolomu yake ya sukulu inali ya zigamba zolumikizidwa mwaluso moti aphunzitsi sankazindikira. Atakula analowa usilikali, nakwera mpaka kukhala kopolo. Msewu wonse unangomutcha Kopolo, koma kwa amayi ake anakhalabe "iwe". Mkazi wake ndi kamwana kawo kakakazi ankakhala ndi Mayi Bwereza m'nyumba ya zipinda ziwiri, kumapeto kwa msewu.

Nkhondo itayamba kutsidya kwa malire, panalibe mumsewumo amene akanalongosola bwino chimene chinatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Koma kusadziwa sikuletsa munthu kuombera m'manja. Wometa wa pakona, amene anali ndi kanema wamkulu kuposa onse, anasandutsa shopu yake likulu la asilikali. Akaweruka kuntchito amuna ankadzaza pabenchi kuonera zithunzi zojambulidwa kuchokera m'ndege zopanda woyendetsa. Kamtanda koyera kankayendayenda pa denga la nyumba, kenako utsi phuu, anthu n'kukuwa ngati wina wagoletsa chigoli.

"Izi ndiye zida zanzeru," Wometa ankatero, lumo lili m'mwamba, mutu wa munthu atausiya theka. "Bomba la masiku ano limachita kugogoda pakhomo n'kufunsa kuti, 'Kodi muno muli mdani?' Akati ayi, limapepesa n'kupitirira."

Mayi Bwereza sankakuwa nawo, koma tisawanamizire, mumtima ankavomereza. Masamu a mayi ndi achidule: mwana wawo anali komweko, ndipo ngati zitsulo zingamenye nkhondo m'malo mwa ana a anthu, zimenye.

Mwezi wachitatu fakitale inaleka maambulera. Manijala, amene atsikana ankamutcha Bwana Tayi chifukwa ankavala tayi ngakhale pa tsiku lothira mafuta m'makina, anabwera ndi chitsanzo. Kanali kansalu kobiriwira, kutalika kwake kuchokera pachigongono kufika kunsonga ya chala, kopindidwa mbali imodzi kuti pakhale kakhutu kokolekera. Anafotokoza poyera, sanabise. Bomba lalikulu limatseguka m'mwamba n'kumwaza timabomba tating'ono mazanamazana, ndipo kalikonse kamafunika kansalu kotere kuti kagwe choimirira. Atsikana anatitcha tinsaluto michira. Wosoka mchira saona bomba, amaona ulusi, singano ndi wotchi ya pakhoma, ndiye ntchito inayamba tsiku lomwelo.

Michira yoyamba inabwezedwa yonse. Inkathothoka pa kakhutu mphepo ikaikoka. Bwana Tayi anatuluka thukuta mpaka tayi inanyowa. Mayi Bwereza anatenga umodzi, anautembenuza kawiri, n'kuseka.

"Amene anajambula izi sukulu anapita nayo patali, koma sanasokepo ngakhale batani."

Anasintha kapindidwe kake, anaika msoko wawo, naphunzitsa mizere yonse. Atsikana anagwira za kubwerera katatu, koma kamtanda kanawakanika, kankatuluka pa makina a pazenera okha. Kuyambira pamenepo palibenso mchira umene unabwerera.

Kenako nsalu yobiriwira inatha, ina itachedwa m'njira. Asilikali ankafuna michira yawo Lachisanu, ndipo Bwana Tayi anasowa mtengo wogwira. Apa m'pamene chizolowezi chachiwiri chija chinalankhula. Mosungira katundu, pansi pa makatoni a zigwiriro, munali mipukutu makumi anayi ya nsalu ya maambulera a ana, yachikasu chowala, ya tiabakha toyera ta milomo yofiira. Mayi Bwereza mtima unkawawawa tsiku lililonse kuiona ikudya fumbi.

"Bwana, nsalu ilipo. Ndi yolimba kuposa yobiriwira ija, madzi sailowa, dzuwa siliisulutsa."

"Ya tiabakha ija? Amayi, iyi ndi nkhondo, si sukulu ya mkaka."

"Bomba lili ndi maso kuti lisankhe mtundu? Imbani foni mufunse."

Anaimba. Asilikali anayankha kuti mtundu ulibe ntchito, bola kulimba. Michira inapita Lachinayi, tsiku limodzi nthawi isanakwane. Mayi Bwereza anapatsidwa setifiketi ya mu felemu, fakitale yonse ikuomba m'manja, ndipo anasangalala. Tinene zoona, anasangalala kwambiri. Zigamba zotsala zinadzaza thumba katatu, ndipo iwo posafuna kudya okha anagawira msewu wonse. Tiabakha tinakwera pa makatani a nyumba zisanu, pa mapilo, pa zikwama za sukulu. Wometa anasokeredwa nsalu yofunditsa ana powameta. Mdzukulu analandira diresi lopitira kokayenda, ndipo pa chigamba chomaliza iwo anadzidulira duku.

Panapita miyezi isanu. Loweruka lina masana, akuchapa kuseri kwa nyumba, mpongozi wawo anabwera ndi foni m'manja, akuyenda ngati waponda minga.

"Amayi, taonani izi."

Chinali chithunzi chojambulidwa ndi mtolankhani wa dziko lina, pakhonde la chipatala cha kutsidya. Bambo wina, nkhope yosaoneka, anali atatambasula dzanja, ndipo pachikhatho pake panali kansalu kachikasu kopsa mbali imodzi. Mawu a m'munsi ankati timabomba tambiri sitiphulika tikagwa. Timangogona m'minda, m'mabwalo a mpira, pamadenga, mchira uli petupetu ndi mphepo. Akuluakulu amatidziwa n'kutilambalala. Ana amaona tiabakha. Mudzi umodzi wokha unali utaika m'manda ana asanu ndi anayi.

Mayi Bwereza anapukuta manja pa siketi. "Takulitsani, make mwana." Mpongozi anakulitsa ndi zala ziwiri. "Kulitsaninso, pa kakhutu apo."

Ulusi unaoneka bwinobwino. Katatu m'mbuyo, ndi kaphazi ka mbalame.

Sanalire. Anavundikira ndowa n'kukhalapo, maso ali m'beseni, mpaka thovu lonse linatha. Diresi la mdzukulu linali momwemo m'madzi, tiabakha tikuyandama.

Tsiku lomwelo mneneri wa asilikali anaonekera pa kanema wa Wometa, mamendulo ali waliwali pachifuwa. Anati chithunzicho n'chabodza, adani achita kusoka okha kuti aipitse dzina la dziko. Anati zida zathu n'zanzeru, sizikhudza mwana, ndipo nsalu yoteroyo sinalowepo m'fakitale iliyonse ya kuno. Pa nthawi imene ankanena zimenezo, pampando wa Wometa panali mwana atafunda tiabakha kuyambira m'khosi mpaka m'mawondo. Wometa anamasula nsaluyo pang'onopang'ono, anaipinda, n'kuikankhira pansi pa kabati ndi phazi. Kenako anati, "Mwamvatu? Bodza la adani." Benchi lonse linavomera ndi mitu.

Pofika Lamlungu madzulo mumsewumo munalibe bakha ndi mmodzi yemwe. Makatani anatsika, mapilo anavulidwa, ana anapatsidwa mapepala a pulasitiki onyamulira mabuku. Palibe amene anauza mnzake. Anthu amene sagwirizana ngakhale za tsiku lokumba ngalande anagwirizana pa ichi popanda msonkhano.

Lolemba Bwana Tayi anazimitsa makina onse n'kuima pakati pa mizere. Anati aliyense amene ali ndi chigamba cha "nsalu imene kulibe ija" abweretse chikatenthedwe, ndipo aliyense asaine pepala loti michira yonse yotuluka muno inali yobiriwira. Akulankhula choncho chitseko chinatseguka. Mayi Bwereza, amene pa zaka makumi atatu ndi chimodzi sanachedwepo, analowa mochedwa dala, duku lachikasu atalisita n'kulimanga mokweza, tiabakha tili poyera. Anayenda osafulumira mpaka pa makina awo a pazenera.

"Amayi," Bwana Tayi anatsitsa mawu, "tikakambirane mu ofesi."

"Ofesi ya chiyani, bwana? Setifiketi munandipatsira pompano, anthu akuona. Zinazi tikambiranenso pompano."

"Chotsani chinthucho kumutu."

"Chinthu chiti? Si mwamva pa kanema kuti nsalu imeneyi kulibe? Ndiye kuti kumutu kwangaku kulibe kanthu, mukuona imvi zokha."

Mtsikana wina kumbuyo anaseka, n'kudzigwira pakamwa.

"Amayi, inu ndi ine ndife tinthu tating'ono. Akuluakulu ena akanika kuimitsa nkhondoyi, ndipo chalaka bakha nkhuku singatole. Sainani, chaka chamawa mupume pa ntchito mwaulemu. Angadziwe ndani kuti mchira uja unatuluka muno?"

"Ineyo. Msoko uja ndi wanga. Nsalu ija ndinakulozerani ndine, ndi chala ichi. Ndabweza ntchito za ana awa zaka khumi chifukwa cha ulusi umodzi wopotoka, ndiye lero ndisaine kuti ntchito ya manja anga si yanga? Singano ndikaiyang'ana ndi maso ati?"

"Ndiye kuti mwadzichotsa nokha."

"Ayi, mundichotse ndinu. Lembani kalata, ndipo mulembemo chifukwa chake: duku la nsalu imene kulibe."

M'kalatamo munangolembedwa kuti "kusamvera". Anatenga sizasi yawo, tepi ndi thumba la zigamba, setifiketi n'kuisiya pampando wa Bwana Tayi. Mwa atsikana makumi asanu ndi limodzi amene anawaphunzitsa, palibe anadzutsa mutu. Onse anasaina, ndipo iwo sanawasungire chakukhosi, poti aliyense anali ndi timilomo tomudikira kunyumba.

Msewu ndiye sunawakhululukire. Akanakhala kuti anakalankhula pa wailesi, bwenzi anthu atangoti mayiwa apenga n'kuwaiwala. Koma iwo sankalalikira. Ankangovala dukulo popita kumsika, pampopi, m'basi, ndipo aliyense wowaona ankakumbukira makatani ake amene anawabisa pansi pa matiresi. Munthu amakhululukira womutukwana, koma womukumbutsa ayi. Pa chitseko chawo panalembedwa ndi khala kuti KAZITAPE. Makina akale opondera, amene anawatulutsa pakhonde kuti azisokera anthu, ankatha masiku osalira. Akamadutsa pakona, Wometa ankakweza mawu ngati akulankhula ndi kasitomala wogontha.

"Ena ana awo ali kunkhondo, koma akufuna ndege zileke kuuluka, kuti anyamata akalowe wapansi akaphedwe."

Mawu amenewo ankabaya, chifukwa Mayi Bwereza ankadziuzanso okha omwewo m'mawa uliwonse pomanga duku.

Kopolo anaimba foni patatha milungu itatu. Wina anali atajambula amayi ake pamsika, ndipo chithunzicho chinamupeza komweko.

"Amayi, mukundichita chiyani? Anzanga akundiloza chala, akuti mayi ako akugwirira ntchito adani."

"Wadya, iwe?"

"Musandifunse zimenezo. Sabata yatha tinazingidwa pa mlatho, anthu makumi atatu. Chimene chinatipulumutsa ndi timabomba tomweto. Popanda timeneto bwenzi mukulandira bokosi. Mukufuna bokosi, amayi?"

Mayi Bwereza anatsamira khoma. "Ndikufuna iweyo, wamoyo, ndi miyendo yako yonse. Mulungu akudziwa."

"Ndiye vulani."

"Mwana wanga, ndinakuphunzitsa chiyani ukaswa kapu? Kuti uzikankhira zidutswa pansi pa kabati? Ndikavula, ana aja adzuka?"

"Mukapanda kuvula, pakhomo panupo sindidzapondapo."

Mayi Bwereza anatseka maso. Padziko lonse anali ndi mwana mmodzi yekha, ndipo mfundo ya dukulo inali yomasuka ndi chala chimodzi. Dzanja lawo linafika mpaka kunkhongo, linaikhudza, n'kutsikanso.

"Khomo ndi lako, lilibe loko. Koma duku lili pamutu panga."

Foni inaduka. Mawa lake mpongozi, akulira ndi kupepesa, analongedza zikwama napita ndi mwana kwa makolo ake, poti mwamuna wake analamula choncho. Diresi la tiabakha analisiya pabedi.

Zaka ziwiri zinadutsa foni osalira. Mayi Bwereza anaonda, anaphunzira kuphika m'kapoto ka munthu mmodzi, ndipo nyumba ya zipinda ziwiri inawakulira. Ankasokera anthu a misewu ina, amene ankabwera chozemba poti msoko wabwino ulibe chipani. Masiku ena ankalakalaka wina atawabera dukulo pa chingwe kuti nkhani ithe popanda iwo kugonja, koma ngakhale akuba ankaliopa. Silinasuluke, za nsalu ija ananena zoona.

Nkhondo imene inkayenera kutha pa miyezi itatu inakana kutha. Walira mvula walira matope: mabokosi anayamba kufika. Bokosi lachiwiri kufika mumsewumo linali la mphwake wa Wometa, mwana wa mlongo wake. Mayi Bwereza anapita kumaliroko ndi duku lawo, nakhala pakona, amayi anzawo n'kusiya mpata mbali zonse ngati pali nyerere. Anthu akubalalika, mayi wa malemu anaima patsogolo pawo, maso atatupa, n'kuyang'ana tiabakha nthawi yaitali.

"Kodi kutsidyako amaliranso chonchi?"

"Chimodzimodzi, achemwali. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe."

Mayiyo anakhala pansi pa mpata uja, phewa kukhudza phewa. Anali munthu woyamba wa mumsewumo kuwayandikira pa zaka ziwiri.

Zitatero mphepo inayamba kutembenuka. Zithunzi za ana a kutsidya zinachuluka moti mneneri uja anasinthidwa, wolowa m'malo mwake n'kuyamba kunena za "zolakwika zochepa". Mapulogalamu a pa wailesi amene anthu ankaimbira foni kutamanda ndege anadzaza ndi mawu omwewo, a anthu omwewo, akuzitemberera. Ndipo mwadzidzidzi zinapezeka kuti mumsewu monse munalibe munthu amene anaikondapo nkhondoyi. Aliyense anali ataikana kuyambira tsiku loyamba, kungoti mumtima. Makatani a tiabakha anatuluka pansi pa matiresi, anthu anakonza zionetsero zopita ku fakitale, ndipo wotsogolera anali ndani? Wometa. M'mawa wa tsikulo anafika pakhonde pa Mayi Bwereza ndi gulu lake, mtolankhani wa kamera ali pambuyo.

"Amayi athu! Ngwazi yathu! Tabwera kudzakutengani muyende patsogolo. Dukulo tilikweze pa mtengo ngati mbendera, tikafika pageti tikalitenthe pamodzi ndi nsalu zonsezi, dziko lione kuti ife tinakana."

Mayi Bwereza anamaliza kaye msoko umene anali nawo, katatu ndi kamtanda, n'kudula ulusi ndi mano.

"Munakana liti, achimwene?"

"Aa, amayi, zakale zisiyeni. Tonse tinanamizidwa."

"Ine sindinanamizidwe. Anandiuza kuti ndi za mabomba, ndinasoka. Zinkathothoka, ndinazilimbitsa. Nsalu itatha, ndinawapezera yokongola. Inuyo munkakuwa chigoli. Bwana Tayi ankafuna kutentha nsaluyi kuti anthu aziti sizinachitike, inu mukufuna kuitentha kuti aziti anachita ndi ena. Moto wake ndi umodzi womwewo." Anatembenukira kwa mtolankhani. "Inu a kamera, jambulani bwino. Musakalembe ngwazi. Mukalembe kuti uyu ndi telala amene anasoka michira, ndipo anaisoka bwino."

Gululo linachoka likung'ung'udza kuti mayiyu ndi wamwano, ndi wodzimva, sayamika. Zionetsero zinaoneka pa kanema, koma za pakhonde zija anazidula. Umu ndi mmene msewu unadera dukulo kachiwiri.

Nkhondo inatha chaka chotsatira, mmene zimathera nkhondo zoterezi. Akuluakulu anagwirana chanza m'chipinda cha maluwa, palibe anapambana, palibe anapepesa. Asilikali anabwerera m'magalimoto, fakitale inayambiranso maambulera, koma Kopolo sanaoneke. Mpongozi, amene ankazemba kubwera ndi mwana kamodzikamodzi, ndiye anawatsina khutu. Mwamuna wake anapempha yekha kutsalira kutsidya, m'gulu lochotsa timabomba tosaphulika tija. Ntchito yake inali yokwawa ndi mawondo m'minda ya anthu, chikhatho ndi chikhatho, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Mayi Bwereza anali atazolowera mantha, koma awa anali atsopano. Chimene chikanapha mwana wawo tsopano chinali chosokedwa ndi manja awo.

Kopolo anafika Lachitatu lina patatha chaka ndi theka, dzuwa lili paliwombo, iwo akusoka zipi ya thalauza la munthu. Mthunzi unagwera pa nsalu. Anayang'ana kaye miyendo: yonse iwiri. Kenako manja: onse awiri, koma lamanzere linatsala ndi zala zitatu. Nkhope inali yokalamba kuposa ya malemu bambo ake pa nthawi imene ankamwalira.

Sanapereke moni. Anaima pansi, kunja kwa khonde, natambasula dzanja n'kuika kanthu pa tebulo la makina. Unali mchira wamatope, tiabakha tikuonekabe.

"Uwu ndinauchotsa ndekha, kuseri kwa sukulu ina," anatero. "Wagona panja mvula zinayi."

Mayi Bwereza anautenga m'manja awiri, ndipo manjawo anachita zimene anazolowera eni ake asanaganize. Anaukoka kamodzi. Ulusi sunalire.

"Yobiriwira ija imatipha, amayi, siioneka mu udzu. Iyi timaionera patali. Anzanga amati adalitsike amene anasankha chikasu." Analoza tiabakha. "Ana nawonso amaionera patali. Ndanyamulapo awiri."

"Unawauza anzakowo kuti anasankha ndani?"

"Poyamba ayi. Chaka chino ndinawauza."

"Yatsala ingati?"

"Palibe akudziwa. Akuti mwina ntchito ya zaka makumi awiri."

"Ndiye duku likhala zaka makumi awiri. Ndikafa isanathe, mudzandiike nalo."

Kopolo anayang'ana pamutu pa amayi ake, pa nsalu imene anaikanira khomo zaka zonsezi.

"Sindinabwere kudzakuvulani."

"Nanga waimiranji panjapo ngati wogulitsa makala? Ndinati khomo lilibe loko."

Kopolo anakweza phazi, naponda pakhonde. Atayandikira, maso a telala anagwera pa thumba la malaya ake, limene linali litang'ambika, wina n'kulilumikiza ndi misoko ikuluikulu yokhotakhota. Analigwira ndi zala ziwiri n'kukoka kamodzi. Linalira.

"Anasoka izi ndani?"

"Ndine."

"Wandichititsa manyazi. Vula malayawo."

Mayi Bwereza anatenga singano ya pamanja, ananyowetsa ulusi pamilomo, n'kuulozetsa pa kabowo. Anaphonya. Anayesanso, anaphonyanso. Kachitatu singano sinkaonekanso n'komwe, misozi inali itadzaza m'maso n'kumatsikira pa malaya ali pamiyendo. Kopolo anagwada pafupi ndi makina, pamalo pomwe ankakhala ali mwana, anagwira singanoyo ndi zala zitatu zotsala zija, n'kuwalowetsera ulusi.

Mchira uja Mayi Bwereza anaukhomera pa nsanamira ya khonde, mbali yoyang'ana kumsewu, ndipo ulipobe. Wometa akamapita kumsika amazungulira njira ya kuseri.